Kuteteza njinga ndi katundu pa ulendo wa m'mbali mwa nyanja

Funso: Ndine mphunzitsi ku Lilongwe, ndipo pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti ine ndi mng'ono wanga tikufuna kupalasa njinga kuchoka kuno kudzera ku Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Mzuzu mpaka kukafika ku Karonga. Njinga zathu ndi zamagiya zimene tinagula pa kaunjika titasunga ndalama kwa nthawi yaitali, ndipo tidzanyamula tenti, zovala, mafoni ndi zida zokonzera njinga. Nkhawa yanga ndi akuba. Tigule loko wotani, nanga usiku njingazi tiziziika pati?

Yankho: Aphunzitsi, ulendo mwakonzawu ndi wa makilomita oposa 650, ndipo mudzayenda m'misewu itatu yosiyana makhalidwe: wa M14 wotsikira ku Salima, wa M5 umene umatsata nyanja mpaka ku Nkhata Bay n'kukwera kupita ku Mzuzu, ndi wa M1 umene umatsika phiri la Chiweta kulowera ku Karonga. Mwafunsa mafunso awiri, koma lachiwirilo ndi limene lili ndi nkhani yaikulu. Anthu ambiri okonzekera ulendo wotere amataya nthawi ndi ndalama posankha loko, poganiza kuti chitetezo chonse chagona pamenepo, chonsecho ntchito ya loko, ngakhale akhale wodula motani, ndi kuchedwetsa wakuba basi. Palibe loko amene sangadulidwe ngati munthu ali ndi chida choyenera komanso nthawi yokwanira popanda womuona. Chimene chimateteza njinga ya munthu wapaulendo ndi malo amene yagona ndi chizolowezi chimene mwiniwake amachitsata tsiku lililonse, makamaka madzulo pamene watopa ndipo maganizo ake onse ali pa madzi osamba ndi pogona.

Tiyambe tadziwa chimene chimabedwa kawirikawiri. Nkhani za njinga yathunthu kusowa zilipo ndithu, koma zimene apaulendo amadandaula nazo kwambiri ndi tinthu tosavuta kusolola, monga foni imene yaiwalika m'kachikwama ka pa handulo, pampu, tochi, pawabanki, sipanala, kapena nsapato zimene zagona panja. Zoterezi sizichitika kwenikweni m'midzi ya pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa kumene anthu amadziwana ndi maina awo. Zimachitika pamalo opiringana anthu, pa depoti, pamsika, pa siteji ya minibasi, m'matauni monga Salima ndi Mzuzu, kumene munthu akhoza kutola kanthu n'kulowa m'chigulu osaonekanso. Wakuba wa pamalo otere sachita kukonzekera. Amangoona mpata, ndipo amadziwa kuti mlendo ndi mame, mawa m'mamawa adzakhala atapita ndipo sadzakhala ndi masiku otsatira nkhani kupolisi. Mukamvetsa zimenezi mudzaona kuti palibe chifukwa choyendera ndi mantha kapena kuyang'ana munthu aliyense ngati mbava, pakuti ochuluka mwa anthu amene mudzakumane nawo adzakupatsani madzi akumwa, adzakulozerani njira, ndipo mukawalemekeza ndi omwewo amene adzakuyang'anireni katundu.

Ntchito yoteteza njinga imayambira pakhomo musananyamuke. Igadamitseni njinga iliyonse, mupukute matope pansi pa chitsulo chimene mapedulo amazungulirapo, ndipo mudzapeza nambala ya felemu itadindidwa pamenepo. Pa njinga zina nambalayi imakhala kutsogolo pansi pa mahandulo, kapena pafupi ndi pamene tayala lakumbuyo limamangidwa. Ilembeni m'kabuku, muijambule pa foni pamodzi ndi njinga yonse mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo zipsera ndi malo owotcherera amene amaisiyanitsa ndi zinzake, kenaka zithunzizo muzitumize kwa m'bale amene akutsala kunyumba, chifukwa foni ikabedwa limodzi ndi njinga umboni wanu wonse upitira pomwepo. Popeza munagula pa kaunjika, n'kutheka kuti lisiti simunapatsidwe, kapena munapatsidwa kapepala kongolembedwa mtengo wokha. Bwererani kwa wogulitsayo, akulembereni lisiti lokhala ndi nambala ya felemu, tsiku limene munagula ndi dzina lake. M'misewu ya M5 ndi M1 muli malo angapo amene apolisi amaimitsa apaulendo, ndipo ngakhale kuti nthawi zambiri wapanjinga amangopatsidwa moni n'kudutsa, pepala losonyeza kuti njinga ndi yanu limafupikitsa nkhani ngati wina wakayika.

Palinso njira ina yakale imene ine ndimaikhulupirira kwambiri. Lembani dzina lanu ndi nambala ya foni pa kapepala, mukakulunge bwino m'pulasitiki, muchotse chishalo ndi kulowetsa kapepalako m'paipi ya felemu. Wakuba akhoza kupenta njinga mtundu wina, akhoza kusintha matayala ngakhale kupala nambala, koma si ambiri amene amaganiza zosuzumira mkati mwa paipi. Tsiku limene njingayo idzapezeke m'manja mwa munthu amene akulumbira kuti ndi yake, inu mudzangopempha wapolisi kuti achotse chishalo pamaso pa mboni.

Njinga zamagiya zochokera kunja zili ndi vuto limodzi limene njinga zathu zakapalasa zachizolowezi zilibe. Zambiri zimabwera ndi kachitsulo kopinda kamene kamamasula tayala kapena chishalo ndi dzanja lokha, popanda sipanala. Opanga anachita izi pofuna kuthandiza othamangitsa njinga kuti asamachedwe posintha tayala, koma kwa wapaulendo zikutanthauza kuti munthu akhoza kuchotsa tayala lakutsogolo pa nthawi imene inu mukulipira botolo la madzi m'golosale. Pitani kwa wokonza njinga wodalirika achotse tizitsulo timeneti n'kuikapo mabawuti ofunika chida pomasula, ndipo chidacho chizikhala m'thumba mwanu. Chishalo mukhoza kuchimangirira ku felemu ndi kadutswa ka tcheni chakale cha njinga, chimene mwachilowetsa m'chubu chakutha kuti chisapale penti. Ndiponso musadandaule njinga ikada ndi fumbi. Yonyezimira, ya dzina la fakitale lowerengeka patali, imakopa maso kuposa imene yakulungidwa malegeni apa ndi apo ndipo ikuoneka yotopa.

Tibwere tsopano ku maloko. Loko wa waya wopyapyala wokutidwa pulasitiki, amene amagulitsidwa motchipa m'misika, amaduka kamodzin'kamodzi ndi sizasi yodulira zitsulo, ndipo ena amagonja ngakhale ndi pulayala wamba. Loko wozungulira amene amabwera atamangidwa kale pa tayala lakumbuyo la njinga zambiri zakapalasa amaletsa tayala kuzungulira, koma saletsa munthu kunyamula njinga paphewa kapena kuiponya m'galimoto. Wolimba kwambiri ndi uja wa chitsulo chokhuthala chopindika ngati chilembo cha U, amene kumudula kumafuna galayinda kapena sizasi yaikulu zedi, ndipo ngati muli ndi m'bale kunja amene angakutumizireni, muuzeni ayang'ane wokhala ndi chizindikiro cha Sold Secure cha ku Britain kapena cha ART cha ku Netherlands, amene ndi mabungwe oyesa kulimba kwa maloko. Komabe loko wotereyu ali ndi zovuta ziwiri pa ulendo ngati wanu. Amalemera kilogalamu imodzi kapena kuposerapo, ndipo kulemera kumeneko mudzakumva m'miyendo pokwera kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu, kumene msewu umakwera mamita oposa 700 pa mtunda wosakwana makilomita 50. Chachiwiri, kukamwa kwake n'kochepa moti sangazungulire mtengo wa mango kapena nsanamira ya njerwa ya pakhonde, zimene ndi zinthu zokhazo zomangirirapo zimene mudzazipeze m'malo ambiri.

Pa chifukwa chimenechi, kwa anthu awiri oyenda limodzi ine ndimalangiza tcheni chimodzi cha chitsulo cholimba, chotalika mita imodzi ndi theka, pamodzi ndi loko wapachitseko wabwino amene kakhosi kake n'kokhuthala komanso kafupi, kuti sizasi isapeze pogwira. Musagule tcheni chomangira galu kapena chopachikira zinthu, chifukwa chitsulo chake n'chofewa ndipo sowo imachidya mosavuta. Funsani m'sitolo ya zitsulo tcheni chimene amamangira njinga zamoto kapena mageti, ndipo muchilowetse m'chubu chakale. Kuwonjezera apo tengani waya mmodzi wautali wopepuka, ntchito yake ikhale yokolowekera matayala akutsogolo ndi zikwama. Makiyi akhale awiri, wina kwa inu wina kwa mng'ono wanu, ndipo asagone m'chikwama chimene chili pa njinga.

Kamangidwe kake n'kofunika kuposa mtengo wa loko. Tcheni chidutse mkati mwa felemu ndi m'tayala lakumbuyo, chifukwa mukamanga tayala lokha mudzapeza tayalalo lili pomwepo koma njinga itapita. Njinga ziwirizo muziimike moyandikana, ina kuyang'ana uku ina uko, tcheni chigwire mafelemu onse awiri pamodzi ndi mtengo kapena chitsulo chozikika pansi. Yesani kugwedeza chimene mukumangirirapocho, ndipo muonetsetse kuti si chipilala chachifupi chimene munthu angakweze njinga n'kuivula pamwamba pake. Loko asagone pansi, pakuti akakhala pa simenti kapena pamwala wakuba amamuphwanya ndi hamala mosavuta, pamene akalendewera m'mwamba hamalayo imasowa potsamira.

Masana muli ndi mwayi umene woyenda yekha alibe, ndipo muugwiritse ntchito popanda kunyengerera: wina akalowa m'golosale, m'chimbudzi kapena kukatapa ndalama, mnzake atsale pa njinga. Lamuloli limaoneka lophweka muli kunyumba, koma limavuta pa tsiku lotentha mutapalasa makilomita 80, nonse muli ndi ludzu ndipo sitolo ili pafupi pomwepo. Nthawi yomweyo ndi imene zinthu zimasowa. Taganizirani mwafika pa Dwangwa dzuwa lili paliwombo, mwaima pachiwaya, ana azungulira njinga kufuna kuona magiya, wina akuliza belu, anyamata akabaza akufunsa kumene mwachokera, inu mwatembenuka kuthira mchere ndi tsabola pa tchipisi. Palibe aliyense pamenepo amene wabwera ndi mtima wakuba, koma foni imene ikusuzumira m'kachikwama kosatseka ili pafupi ndi manja ambiri, ndipo ikasowa simudzadziwa woti mumufunse. Tsamiritsani njinga pamalo amene mukuziona mutakhala pansi, mbali ya zikwama zofunika iyang'ane kukhoma, ndipo wogulitsayo mumupatse moni mwaulemu n'kucheza naye pang'ono, chifukwa munthu amene mwamugula malonda ndipo wadziwa kumene mukupita amayamba kuona katundu wanu ngati wa mlendo wake.

Mukaima kwa mphindi zochepa pamalo opanda chomangirirapo, pali tinjira tochedwetsa munthu wofuna kudumphira pa njinga n'kuthawa nayo. Mangani buleki yakutsogolo ndi legeni kuti igwire tayala, kapena musiye njinga mu giya yolimba kwambiri kuti woyamba kupalasa avutike kunyamuka. Njinga yodzaza katundu ndi yolemera kale, ndipo amene sanaizolowere sapita nayo patali asanagwe.

Zinthu zimene kutayika kwake kungathetse ulendo zisakhale pa njinga mukatsika. Chiphaso cha unzika, foni, ndalama, makiyi ndi lisiti zikhale m'kachikwama kamodzi kamene mumachoka nako nthawi iliyonse, ngakhale mukungopita kuseri kwa mtengo. Ndalama za m'manja muzigawe, zogulira zinthu tsiku limenelo zikhale m'thumba la pafupi, zina zibisike mkati mwa zovala, kuti musamatulutse mpukutu wonse pagulu pogula nthochi. Masiku ano palibe chifukwa chonyamulira ndalama zambiri, popeza ma ejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba amapezeka pafupifupi pa malo amalonda alionse a m'njirayi, koma zimenezi zikutanthauzanso kuti foni yasanduka chikwama chanu chenicheni cha ndalama. Itsekeni ndi nambala yachinsinsi, musatchule nambala ya akaunti mokweza pamaso pa anthu, ndipo mulembe nambala ya IMEI, yozindikiritsa foni yanuyo, imene imaoneka mukaimba *#06#, chifukwa apolisi adzaifuna foni ikabedwa. Ndi nzeru kunyamula kafoni kena kamabatani kokhala ndi laini ya kampani ina, kamene batire lake limakhala masiku angapo. Pa nkhani yotchaja, musasiye foni yanu yaikulu pamalo otchajitsa mafoni n'kuchokapo. Siyani pawabanki kuti idzaze, foniyo muzitchajira nokha usiku.

Usiku ndiye pagona nkhani yonse, ndipo yankho langa ndi lakuti njinga igone m'chipinda chimene inu mwagona. Mukafika pa resitihausi, nkhani ya njinga muikambe musanalipire, ndalama zikadali m'manja mwanu. Nenani mwaulemu kuti, “Tili ndi njinga ziwiri, ndipo timagona nazo m'chipinda,” ngati chinthu chimene mumachita kulikonse. Eni malo ambiri a m'mbali mwa nyanja anazolowera apaulendo apanjinga ndipo savuta. Ena adzakuuzani kuti musadandaule, pali mlonda, muzisiye pakhonde. Musanyoze mlondayo, koma kumbukirani kuti iye ndi munthu mmodzi amene akuyang'anira mpanda wonse, amatopa, amawodzera, ndipo alendo ena amalowa ndi kutuluka usiku wonse, makamaka ngati malowo ali ndi bala. Ngati akana ndithu kuti njinga ilowe m'chipinda chogona, pemphani chipinda chosungiramo katundu chimene chimakiyidwa, muone ndi maso anu kuti chakiyidwa, njinga muzimange ndi tcheni mkati momwemo, ndipo zikwama zonse mupite nazo kuchipinda kwanu. Akakana zonsezi, pitani pena. Ku Salima, Nkhotakota, Chintheche, Nkhata Bay, Mzuzu ndi Karonga malo ogona alipo ambiri.

Mukalowa m'chipindamo yang'anani zinthu ziwiri musanavule nsapato. Choyamba ndi chitseko, ngati chili ndi chotsekera cha mkati chimene munthu wa kiyi wina sangatsegule ali panja. Ngati palibe, tsamiritsani njinga pachitseko pomwepo kuti aliyense wokankha aigwetse n'kukudzutsani. Chachiwiri ndi zenera. Zitsulo za pazenera zimaletsa munthu kulowa, koma siziletsa ndodo yokhala ndi kawaya kokowera kunsonga, imene akuba ena amakokera thalauza kapena foni imene ili patebulo mwini wake ali m'tulo. Zovala zokhala ndi ndalama ndi foni imene ikutchajidwa zikhale kutali ndi zenera, makamaka pansi pa pilo kapena mkati mwa neti. Mukatuluka kukadya madzulo, kachikwama ka zinthu zofunika kapite nanu, ndipo ngati chitseko chili ndi pokolowekera loko, ikanipo wanu.

Masiku ena dzuwa lidzakuloweerani muli pakati pa midzi, ndipo mudzaganiza zolowa m'tchire n'kukhoma tenti pamalo obisika. Ine sindikulangizani zimenezo m'dziko lathu lino. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, pafupifupi 186 pa sikweya kilomita iliyonse, ndipo m'mbali mwa nyanja mulibe tchire limene mulibe kanjira ka otola nkhuni, abusa a mbuzi kapena asodzi opita kudoko usiku. Mudzaonedwa ndithu, ndipo munthu wobisala amene waonedwa amakhala pamavuto awiri: wakuba amadziwa kuti palibe amene angamve mukakuwa, pamene anthu abwino amayamba kudzifunsa kuti alendo awiri ogona m'tchire akufuna chiyani m'dera lawo. Tonse tikukumbuka zimene zinachitika mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, pamene mphekesera za anamapopa zinachititsa kuti anthu osalakwa aphedwe chifukwa chongokayikiridwa. Mlendo amene sanadziwike kwa eni dera amakhala pangozi yoposa kuberedwa pampu.

Njira yabwino ndi imene makolo athu ankayendera. Imani kukadali kowala, mufunse kwa anyakwawa, mukapereke moni mwaulemu, munene maina anu, kumene mwachokera ndi kumene mukupita, kenaka mupemphe malo okhoma tenti pafupi ndi nyumba. Inu ndinu mphunzitsi, choncho muli ndi khomo lina lotseguka: mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale ya m'deralo kawirikawiri sangakane mnzake wa ntchito imodzi, ndipo popeza idzakhala nthawi ya tchuthi akhoza kukutsegulirani kalasi yokhala ndi chitseko, mmene tenti ndi njinga zingalowe pamodzi. Matchalitchi, mizikiti ndi maofesi ang'onoang'ono a apolisi amathandizanso chimodzimodzi. Mukalandiridwa ndi mfumu, mudzi wonse umadziwa kuti ndinu alendo a mfumu, ndipo mnyamata amene akanaganiza zoipa amadziwa kuti mlandu wake udzazengedwa pabwalo pamaso pa abale ake, inu mutapita kale. M'mawa musangonyamuka. Tsanzikani, ndipo musiye kangachepe, kaya ndi paketi ya shuga, sopo kapena ndalama pang'ono kwa mayi amene anakutenthetserani madzi.

Pamene mwagona mu tenti, kaya pamudzi kaya pa malo okhomapo matenti a ku Kande kapena ku Chitimba, zikwama zonse zilowe mkati, nsapato nazonso. Njinga zigone pansi pafupi ndi khomo la tenti zitamangidwa pamodzi ku mtengo, ndipo muzifunditse chinsalu kapena pepala lakuda kuti zonyezimira zake zisawale munthu akaunikira tochi. Ena amamanga kachingwe ka mbedza kuchoka pa felemu kufika pa mzati wa tenti, kapena amakoloweka mapoto ndi makapu achitsulo m'masipoko, kuti njinga ikasuntha phokoso liwadzutse. Pa gombe musasiye katundu pamchenga nonse n'kulowa m'madzi nthawi imodzi. Sambani mosinthana.

Mu Ogasiti dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko madzulo ndipo mdima umagwa msanga, choncho konzani kuti pofika 4 koloko mukhale mutadziwa kumene mugone. Nyamukani m'bandakucha, mupalase kukadali kozizira. Kuyenda usiku kumakuikani m'manja mwa achifwamba komanso pangozi ya galimoto zimene sizikuonani, ndipo ambiri amene amalandidwa katundu mwankhanza amakumana nazo mumdima, pamalo opanda anthu kapena m'mphepete mwa tauni. Anthu osawadziwa akakufunsani kumene mukagone, yankhani mwaulemu koma mosatchula malo enieni. Ngati tsoka litagwa, mwakumana ndi anthu onyamula zikwanje kapena mipeni, apatseni zimene akufuna osalimbana nawo. Ndikudziwa kuti njingazo munazivutikira, koma ndi bwino mubwerere kwa ana anu a sukulu muli amoyo ndi ziwalo zonse. Pa Chiweta palinso akuba amtundu wina, anyani amene amakhala m'mbali mwa msewu, ndipo anazolowera kulandira chakudya kwa apaulendo. Nthochi ndi buledi zikhale mkati mwa chikwama chotseka, ndipo musaime pakati pawo kuti mudye.

Pobwerera mwina mudzakweza njinga pa basi kapena pa sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira mu 1951 ndipo kumpoto imafika ku Chilumba. Apa katundu amasowa chifukwa cha chipwirikiti. Chotsani zikwama, pampu, mabotolo ndi magetsi pa njinga musanaipereke, ndipo muwerenge mitolo yanu mokweza nonse awiri pokwera ndi potsika. Pa depoti anyamata angapo adzathamangira kudzakunyamulirani, wina kukoka njinga, wina chikwama, aliyense kulowera kwake. Sankhani mmodzi, mugwirizane mtengo, ena muwakane mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Imani pomwepo mpaka muone njinga yamangidwa, mudziwane ndi kondakitala, mupemphe tikiti ya katundu ngati amapereka, ndipo basi ikaima m'njira wina atsike kapena asuzumire pazenera pamene akutsitsa katundu wa ena. Pa Ilala, m'madoko ena sitima imaima pakuya ndipo anthu ndi katundu amatengedwa pa maboti ang'onoang'ono, nthawi zina usiku, matumba a ufa ndi usipa akudutsa pamwamba pa mitu ya anthu. Njinga zanu muzimange ndi tcheni ku chitsulo cha sitimayo mutapempha chilolezo kwa ogwira ntchito, ndipo pa doko lililonse mmodzi wa inu akhale pafupi nazo.

Mwina mwamva za tizipangizo tobisa pa njinga tosonyeza kumene ili. Ka AirTag kamadalira mafoni a iPhone amene akudutsa pafupi nako kuti katumize uthenga, ndipo m'midzi yambiri ya m'njira yanu mafoni otere ndi osowa, choncho musaike chikhulupiriro chanu pamenepo. Tina timene timagwiritsa ntchito laini ya foni timafuna kutchajidwa pafupipafupi, ndipo ndalama yake ingakuthandizeni kwambiri mutaigwiritsa ntchito polipira chipinda chokiyika.

Ngati njinga itabedwa, maola oyambirira ndi amene ali ofunika, chifukwa njinga yobedwa sichedwa kuphwasulidwa kapena kutumizidwa kudera lina. Mmodzi wa inu apite kupolisi nthawi yomweyo ndi nambala ya felemu, zithunzi ndi lisiti, akalembetse nkhaniyo ndi kutenga nambala ya foni ya wapolisi amene akuitsatira. Winayo apite kwa anthu amene amadziwa njinga iliyonse ya m'deralo, ndiwo akabaza pa siteji yawo ndi okonza njinga amene amakhala pansi pa mitengo m'mbali mwa msika. Akabaza ambiri ali ndi wapampando wawo, ndipo mukamuonetsa chithunzi uthenga umafalikira m'misewu yonse ya m'deralo tsiku lomwelo. Njinga yamagiya ya kaunjika ndi yachilendo pamudzi, ndipo wokonza njinga amene wabweretseredwa giya kapena tayala la mtundu umene sauona kawirikawiri amakumbukira nkhope ya amene wabwera nalo. Dziwitsaninso amfumu ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ndipo kulonjeza kangachepe kwa amene angathandize kuti ipezeke si kulakwa. Foni ikabedwa, imbirani kampani ya lainiyo mwamsanga kuti aitseke ndalama zisanatapidwe.

Pa zonsezi ndikupemphani chinthu chimodzi ndi mtima wanga wonse. Musaloze munthu chala pagulu kapena kukuwa kuti “wakuba” chifukwa chongomuganizira. Kwathu kuno anthu akhala akumenyedwa mpaka kufa, ena kutenthedwa, chifukwa cha mfuu yotere, ndipo khamu likayamba simungathe kuliletsa ngakhale mutazindikira kuti munalakwitsa munthu. Mukaona njinga yanu ili ndi munthu wina kapena ikugulitsidwa pamsika, musailande nokha ndiponso musayambe mkangano. Mmodzi atsale akuiyang'anira chapatali, winayo akaitane wapolisi, pakuti amene ali nayoyo akhoza kukhala kuti anangoigula osadziwa, ndipo ndi apolisi amene angamufunse bwino mpaka atchule amene anamugulitsa. Pamenepo mudzatulutsa lisiti lanu, wapolisi adzayerekeza nambala ya felemu, ndipo nkhani yotsalayo idzayenda mwa lamulo inu mukupitiriza ulendo wanu wa ku Karonga.